Momwe mungadutsire chaka choyamba cha ukalipentala pa koleji ya ntchito zamanja ku Mzuzu

Achinyamata angapo akhala akundifunsa kuti akonzekere bwanji popeza mayina awo atuluka kuti akaphunzire ukalipentala. Ine ntchito imeneyi ndinaiphunzirira kuno ku Mzuzu ndipo ndi imene ikundidyetsa, ndiye ndalemba zimene ndimalakalaka wina akanandiuza ndisanayambe.

Za kufunsira malo sindichedwapo. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limalengeza nthawi ikakwana, ndipo makoleji akuluakulu ndi awa: Mzuzu, Livingstonia, Lilongwe, Namitete, Salima, Soche ndi Nasawa. Satifiketi yanu ya MSCE ikhale pafupi. Munthu akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akupezereni malo, mutalikireni, ameneyo ndi wakuba.

Choyamba, pogona. Ngati simunapeze malo pasukulu, fikani masiku angapo sukulu isanatsegulidwe kuti muyendeyende ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo kapena Mchengautuwa. Musangofunsa za lendi. Gwirani khoma cha m'munsi, muone ngati silikunyowa, muyang'anenso malata. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo Juni ndi Julayi kumazizira zoopsa, choncho bulangete lolemera ndi lofunika kuposa wailesi. Sankhani nyumba yoti mutha kuyenda wapansi, chifukwa ndalama ya sacramento (njinga za kabaza) tsiku ndi tsiku imadya ya ndiwo. Khalani awiri kapena atatu, muzisonkherana makala ndi ufa. Ochokera kumwera ndi pakati, phunzirani msanga "monire" ndi "yewo". Amayi a pamsika amakuchitirani bwino akamva mukuyesetsa Chitumbuka.

Chachiwiri, zida. Ovolosi ndi nsapato zolimba kumapazi mupeza pa kaunjika. Wekishopu ya sukulu imakhala ndi zida, koma ophunzira ndi ambiri, ndiye amene ali ndi zake amamaliza ntchito anzake akadali pamzere. Yambani ndi tepi, sikweya, pensulo, hamala, sowo ndi tchizulo ziwiri. Mitengo sindilemba chifukwa imasintha mwezi ndi mwezi, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sikweya muiyese musanalipire: igunditseni m'mphepete mwa thabwa lowongoka, jambulani mzere, itembenuzeni, jambulaninso pomwepo. Mizere ikasiyana, isiyeni. Puleni (chida chopalira matabwa) yakale ya Stanley yogula kwa kalipentala wopuma ntchito imaposa kutali zatsopano zonyezimira zomwe mpeni wake umabuntha msanga. Koma anyamata oyenda ndi zida m'chikwama madzulo, otsatsa pamtengo wotsika modabwitsa, musawagule. Kawirikawiri zimakhala zobedwa kwa mmisiri mnzathu, ndipo mzindawu ndi waung'ono, mwini wake adzazizindikira.

Chachitatu ndi matabwa, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ndinagwa.

Teremu yachiwiri tinapatsidwa ntchito yopanga tebulo laling'ono. Ine ndinafuna kupanganso lina langa kunyumba loti ndigulitse, ndipezeko ya lendi. Munali m'mwezi wa Malichi, mvula ili pakati. Ndinapita kwa bambo wina wogulitsa matabwa a paini m'mbali mwa msewu, ndinawafunsa kuti, "Bambo, matabwawa ndi ouma?" Iwo anati ndi ouma bwinobwino, anandichotserako mtengo, ine osaganizanso kawiri. Ndinapala, ndinadula motisi ndi tenoni (bowo ndi msonga yolowamo polumikiza matabwa) zolowana bwino moti ndinasangalala, ndinamata guluu, ndinapaka vanishi. Mayi wina wa pafupi nafe analigula tsiku lomwelo.

Patangotha masabata atatu anandiitana. Pamwamba pa tebulo panali patapindika ngati mbale, pakati pa matabwa patatseguka mpata wolowa ndalama yachitsulo, mwendo umodzi ukugwedera, vanishi atachita mbuu. Ndinabweza ndalama yomwe ndinali nditalipira kale lendi. Mwezi umenewo ndinavutika kwambiri, ndipo chimene chinandiwawa koposa n'chakuti mayiwo anandikhulupirira.

Aphunzitsi athu ndi amene anandifotokozera bwino. Mtengo ukangochekedwa umakhala ndi madzi ambiri. Madziwo akamachoka thabwa limafota, ndipo limafota kwambiri m'mimba mwake kusiyana ndi m'litali, n'chifukwa chake limapindika ndipo molumikiza mumamasuka. Paini wambiri amene timagwiritsa ntchito kuno amachokera ku Chikangawa, pafupi pomwepa, ndiye amatha kufika mumzinda atangochekedwa kumene. Vuto si mtengowo, vuto ndi kuugwiritsa ntchito usanaume.

Ndiye pogula chitani izi. Nyamulani matabwa awiri ofanana kukula, lolemera kwambiri ndi lonyowa. Ikani chikhatho: lonyowa limazizira ndipo nthawi zina limamata utomoni. Ligogodeni ndi chala, louma limalira mokweza, lonyowa limangoti phu. Mukaona madontho abuluu kapena akuda, dziwani kuti linaunjikidwa lili ndi madzi mpaka kuchita nkhungu. Ngati n'kotheka tengani puleni mupaleko pang'ono. Louma limatulutsa zopalidwa zopotana bwino, lonyowa limachita ubweya ndi kutsekereza puleni. Yang'ananinso thabwa kuchokera kumapeto ngati mukuloza mfuti, muone ngati silinapotoke, ndipo pewani la mfundo zambiri kapena zogwedera. Wogulitsa wokana kuti musankhe nokha, kapena woika abwino pamwamba pokha, musiyeni mupite kwina.

Ngakhale akhale ooneka ouma, musawagwiritse ntchito tsiku lomwelo. Asanjeni pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa kuti asakhudze dothi. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo tofanana kukula, totalikirana pafupifupi theka la mita, tolunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenako tsindikirani ndi zolemera. Padzuwa lowawa ayi, amang'aluka kumapeto. Nthawi ya mvula zimatenga masabata ambiri, ndiye ine masiku ano ndimagula mu Seputembala ndi Okutobala n'kusunga. Njira ina yachidule ndi kugula zitseko kapena mashelefu akale n'kuphwasula. Matabwa ake anauma kalekale, mungosamala misomali yobisika isakuphereni mpeni wa puleni.

Chachinayi, phunzirani kunola sabata yoyamba yomwe. Gulani mwala wonolera, muzinola pang'ono tsiku lililonse. Tchizulo yobuntha ndi imene imavulaza, chifukwa mumaikankha ndi mphamvu n'kuterereka. Makina a m'wekishopu musawayatse aphunzitsi palibe, ndipo manja a ovolosi azikhala omanga.

Chachisanu, atachimenti, nthawi yokaphunzira ntchito pakampani kapena m'wekishopu ya kunja kwa sukulu. Yambani kufunsa msanga m'mawekishopu a ku Luwinga ndi m'makampani omanga, musadikire mwezi womaliza. Logbook yanu, buku lolembamo ntchito imene mwagwira, izisainidwa sabata iliyonse, chifukwa abwana akasamuka mulibe umboni. Mukaona kuti mwezi watha mukungosesa ndi kutumidwa, kauzeni a kusukulu.

Za mayeso, musanyoze masamu ndi kujambula, ambiri amagwera pamenepo osati pa benchi. Fizi lipirani kudzera njira imene sukulu yanena ndipo malisiti onse musunge mu envelopu imodzi.