Momwe mungasinthire kalipa ndi disiki yakutsogolo pa njinga yamoto buleki osafooka

Anyamata ambiri a kabaza akuchotsa kalipa (chopanira mapadi pa disiki) ya pisitoni imodzi n'kuikapo ya mapisitoni awiri, ena akukulitsa disiki. Maganizowo ndi abwino. Njinga ya injini ya 125cc kapena 150cc ikanyamula munthu ndi thumba la chimanga, buleki yakutsogolo ndi imene imasenza ntchito yaikulu, chifukwa pomanga buleki kulemera kumathamangira ku tayala lakutsogolo. Vuto n'lakuti master (kapampu ka pa handulo kokankha mafuta a buleki), paipi ndi kalipa zimagwira ntchito modalirana. Mukasintha chimodzi osaganizira chinzake, mutha kuwononga ndalama n'kutsala ndi buleki yofooka kuposa yakale.

Konzani izi: sipanala ya 8 ya nipo (kabawuti kotulutsira mpweya pa kalipa), ya 12 kapena 14 ya bawuti ya banjo (yomangira paipi ku master ndi ku kalipa), ma Allen key, sirinji yaikulu, kapaipi koonekera mkati, mawashala a kopa anayi atsopano, veniya yoyezera, ndi botolo la mafuta a buleki a DOT 4 losatsegula. Mafuta othiridwa m'mabotolo a madzi amene ena amagulitsa m'mbali mwa msewu asiyeni ngakhale atchipe bwanji. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi. DOT 4 yatsopano siwira isanafike madigiri 230, koma ikamwa madzi imatha kuwira cha m'ma 155, ndipo ikawira handulo imangopita yopanda kanthu.

1. Yesani kaye ngati zikukwana

Musanamasule paipi, gwirizitsani kalipa yatsopano pa foloko muone ngati mabowo akulunjikana, ndiponso ngati disiki ikudutsa pakati penipeni pa mapadi. Disiki yaikulu imafuna bulaketi yosunthira kalipa kunja. Ikhale ya chitsulo chochindikala, yomangidwa ndi mabawuti olimba, osati yowotcherera pa foloko. Dziwaninso kuti disiki yaikulu siwonjezera pulesha ngakhale pang'ono. Imangochita zomwe sipanala yaitali imachita pa bawuti yokakamira: dzanja ndi lomwelo, koma likugwirira patali.

2. Kusankha master

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ambiri amaganiza kuti master yaikulu ndiyo yamphamvu. Zoona zake n'zosiyana. Pulesha ndi mphamvu ya dzanja lanu yogawidwa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoni, choncho pisitoni ikakula, pulesha imatsika.

Tiyerekeze kuti mwafinya ndi mphamvu ya makilogalamu 10, handulo n'kuichulukitsa kanayi kufika 40. Pa master ya mamilimita 11, nkhope ya pisitoni ndi masikweya milimita 95, ndipo m'paipi mumalowa pulesha ya pafupifupi 42 bar (bar ndi muyeso wa pulesha). Pa ya 12.7 pulesha imatsikira pa 31. Pa ya 14 imangofika 26. Dzanja lomwelo.

Tsopano tipite kumunsi. Kalipa ya pisitoni imodzi ya mamilimita 30 ili ndi masikweya milimita 707. Ya mapisitoni awiri a 25 ili ndi 982. Yakale ija, ndi master ya 11, inkakankha padi ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 300. Yatsopanoyi mukaisiyira master ya 11 yomweyo ikankha ndi oposa 400, koma imafuna mafuta ambiri, ndiye handulo imayenda mtunda wautali isanagwire. Mukaika ya 12.7 mupeza pafupifupi 310 ndi handulo yogwira msanga. Mukaika ya 14 mutsikira pa 255, kuchepera pomwe munayambira.

Ine zinandigwera zimenezi. Wogulitsa wina anandipatsa master yonyezimira m'bokosi lolembedwa kuti 11, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi ya kampani. Nditaimanga, handulo inali gwa, ndipo aliyense woigwira pa galaja ankati buleki ndi imeneyi. Pamalo osalala sindinaone kanthu. Potsetsereka phiri la ku Chikwawa nditanyamula munthu ndi pamene ndinazindikira: zala zonse zinayi zili pa handulo, mkono wauma, njinga ikungoyendabe. Ndinasintha mapadi, osathandiza. Ndinabulidanso (kuchotsa mpweya m'mafuta a buleki), osathandiza. Nditachotsa pisitoni n'kuiyeza ndi veniya, inali ya 14.

Ndiye musakhulupirire bokosi. Tembenuzani master muyang'ane nambala youmbidwa pathupi pake, monga 11, 1/2 kapena 14. Ya 1/2 ndi ija ya 12.7. Ngati palibe nambala, pemphani kuti muyeze musanalipire, ndipo wokana kuyezetsa musiyireni katundu wake. Kulimba kwa handulo si umboni wa mphamvu. Handulo yabwino imayenda pang'ono, n'kugwira, ndipo mukamawonjezera kufinya mumamva tayala likuyankha. Langizo langa: yambani ndi master yanu yakale. Mukabulida bwino koma handulo ikufikabe pa chiwongolero kapena ikupana zala, kulitsani master ndi sitepe imodzi yokha.

Chinanso pa ma master otchipawa ndi handulo. Ikabwerera, pisitoni iyenera kubwerera mpaka kumapeto kuti itsegule kabowo kakang'ono kobwezera mafuta m'thanki ya master. Handulo yosagwirizana ndi master imatsala ikukankhabe pisitoni, kabowoko n'kutsekeka. Mafuta akatentha amasowa kolowera, pulesha imakwera yokha, tayala n'kumangika muli paulendo. Onetsetsani kuti handulo ili ndi kampata kosewera isanakhudze pisitoni.

3. Paipi

Paipi yolukidwa ndi waya siwonjezera pulesha, imangoleka kufufuma monga imachitira ya labala yokalamba, ndiye handulo imamveka bwino. Ngati ndalama zachepa, yalabala yatsopano ndi yokwanira. Yang'anani mazinga a bawuti ya banjo, chifukwa pali M10x1.0 ndi M10x1.25, ndipo mukakakamiza yolakwika mwapha master. Washala mbali zonse ziwiri. Tembenuzani chiwongolero uku ndi uku, paipi isakokeke.

4. Kubulida

Njira yachidule ndi ya sirinji. Dzazani mafuta m'sirinjimo, lumikizani ku nipo ya kalipa, masulani pang'ono, kankhani modekha kuchokera pansi mpaka thovu lisiye kutuluka m'thanki. Mpweya umakonda kubisala pa banjo ya ku master, ndiye pendeketsani chiwongolero, gogodani paipi ndi sipanala, finyani handulo pang'onopang'ono. Ikakhalabe yofewa, imangeni ndi lamba wa chubu usiku wonse. Mafuta akadonthera pa thanki ya petulo pukutani msanga, amadya penti. DOT 5 musaisakanize ndi DOT 3 kapena DOT 4.

5. Zotsalazo

Mangani mabawuti onse, tsukani disiki isakhale ndi mafuta, zunguzani tayala muone ngati likuyenda momasuka. Finyani mwamphamvu kwa mphindi imodzi: handulo ikamalowa yokha, pena pakudontha. Mapadi atsopano azolowetseni pomanga buleki mobwerezabwereza pa liwiro lochepa, pamsewu wopanda anthu. Buleki yamphamvu imaseretsa tayala msanga pa fumbi, choncho masiku oyamba yendani nokha musananyamule kasitomala.