Nyimbo za FLAC zikamadukiza kapena kukana kulira pa seva ya kunyumba

Nyimbo ya FLAC ikakana kulira, kapena ikamalira modukizadukiza, ambiri amathamangira zinthu ziwiri: kufufuta pulogalamu ya seva n'kuyiikanso, kapena kusandutsa nyimbo zonse kukhala MP3. Zonsezi ndikukuletsani. Choyambacho chimakudyerani tsiku lathunthu vuto n'kukhala lili pomwepo. Chachiwiricho chimataya chomwe munasungira nyimbozo mu FLAC, chomwe ndi mawu athunthu monga alili pa CD, osachotsedwapo kanthu, ndipo zomwe MP3 yataya sizibweranso.

Seva yanga, yomwe imasunga nyimbo n'kuzitumiza ku zoliza, ndi kakompyuta kakang'ono, Raspberry Pi 4, yomwe imakhala pashelefu pabalaza, yolumikizidwa ndi hadi disiki yapa USB, ndipo pulogalamu yoyendetsa nyimbo ndi Navidrome. Nyimbo zambiri ndi za makwaya ndi za m'ma CD akale omwe ndinakopera ndekha, ena mwa iwo sapezekanso m'mashopu. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mwachibwana. Kaya inu muli ndi Jellyfin, Plex kapena Lyrion Music Server, yomwe mpaka 2024 inkatchedwa Logitech Media Server, kafufuzidwe kake n'kamodzimodzi.

Musanakhudze chilichonse, khalani pansi mumvetsere kuti vutolo likutsata chiyani. Nyimbo isanafike m'makutu mwanu imachoka pa disiki, imadutsa mu seva, imayenda pa netiweki, kenako imafika pa choliza, kaya foni, kompyuta kapena sipika. Ngati nyimbo yomweyomweyo ikuima pa sekondi yomweyomweyo nthawi zonse, vuto lili mu fayilo. Ngati nyimbo iliyonse ikungodukiza paliponse, lero apa mawa apo, kayikirani magetsi kapena netiweki. Ngati ikulira bwino pa foni koma sipika ikuikana, ndiye kuti sipikayo siyiudziwa mtundu wa fayiloyo. Ndipo mukayamba kukonza, sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako musinthe china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chachiza.

Yambani ndi fayilo. Apa mpomwe FLAC ili ndi ubwino womwe ambiri saugwiritsa ntchito. Fayilo ikamapangidwa, mkati mwake mumalembedwa chizindikiro chotchedwa MD5 chomwe chimawerengedwa kuchokera ku mawu oyambirira, ndipo kachidutswa kalikonse ka mawu kali ndi kachizindikiro kakenso. Choncho fayilo imatha kudziyesa yokha. Lowani mu terminal ya seva, pomwe mumalemba malamulo, ikani pulogalamu ya flac ngati mulibe, ndipo lembani izi, kuika dzina la fayilo yanu m'malo mwa nyimbo.flac:

flac -t nyimbo.flac

Ikayankha kuti ok, fayilo ndi yabwino, isiyeni, kafufuzeni kwina. Mukaona mawu monga LOST_SYNC, FRAME_CRC_MISMATCH kapena MD5 signature mismatch, fayilo yawonongeka, ndipo ngakhale mutasintha seva kapena rauta nyimboyo izidzaimabe pomwepo. Kuti muyese nyimbo zonse za mu foda yanu (pano ndi /nyimbo) nthawi imodzi, ndipo zowonongeka zokha zilembedwe pamalo amodzi:

find /nyimbo -name "*.flac" -exec flac -t -s {} \; 2> zowonongeka.txt

Pa Raspberry Pi zimenezi zimatenga nthawi, ndiye ziyambitseni usiku mukamapita kogona. Kwathu kuno chomwe chimawononga mafayilo kwambiri ndi kuthima kwa magetsi fayilo ili mkati mokopedwa. Fayiloyo imaoneka ndithu mu foda, dzina lili bwino, chithunzi chili bwino, koma kumapeto kwake kulibe. Mankhwala ake enieni ndi kukoperanso kuchokera pa CD kapena pa disiki ina yomwe munasungapo. Ngati CD inatayika ndipo kopi ina palibe, lamulo la flac -d -F nyimbo.flac limatulutsa WAV modumpha malo owonongekawo. Mudzamva kakuthetheka pomwe panawonongekapo, koma nyimbo ya kwaya yomwe singapezekenso kwina kulikonse ndi bwino kukhala nayo yokhala ndi chipsera kusiyana n'kuitaya. Mukapeza kuti zowonongeka ndi zambiri ndipo zikuchulukirachulukira, musazikonze kaye. Yesani disikiyo ndi smartctl -a /dev/sda (/dev/sda ndi dzina la disiki mu Linux, lanu litha kusiyana), chifukwa mwina ndi iyoyo yomwe yayamba kufa, ndipo chofulumira n'kusamutsa zonse isanathereretu.

Pali mafayilo ena omwe sanawonongeke koma choliza china n'kumawakana. Yang'anani zilembo zinayi zoyambirira za fayilo:

head -c 4 nyimbo.flac

FLAC yeniyeni imayamba ndi fLaC. Mukaona ID3, pali zotheka ziwiri. Mwina ndi MP3 yomwe wina anangoisintha dzina, ndipo ffprobe nyimbo.flac ikuuzani zoona zake. Kapena ndi FLAC ndithu, koma pulogalamu yomwe inakopera CD inamata kutsogolo kwake ma tag a mtundu wa MP3, omwe ndi mayina a nyimbo ndi woyimba, otchedwa ID3. FLAC ili ndi njira yakeyake yosungira dzina la woyimba ndi la chimbale, yotchedwa Vorbis comment, ndipo zoliza zina zikapeza ID3 pakhomo zimangobwerera. Chotsani ID3 yokhayo ndi Mp3tag kapena Kid3, koma onetsetsani kaye kuti mayina alembedwanso mu Vorbis comment, kuopa kuti nyimbo zonse zingasanduke zopanda mwini.

Chithunzi cha pachikuto nachonso chimavutitsa. Ena amaika mu nyimbo iliyonse chithunzi cha ma MB angapo chomwe anajambula ndi sikana, ndipo popeza chithunzicho chimakhala koyambirira kwa fayilo, kasipika kofooka kamayamba kulimbana nacho mawu asanafike. Nyimbo imachedwa kuyamba, mwinanso osayamba n'komwe. Lamulo la metaflac --list limaonetsa kukula kwake. Ine ndimachichotsa ndi metaflac --remove --block-type=PICTURE --dont-use-padding n'kuika chithunzi chimodzi chaching'ono chotchedwa cover.jpg mu foda ya chimbalecho. Lamulo lomwelo la metaflac --list likuonetsaninso ngati muli SEEKTABLE, kalozera wa malo osiyanasiyana mkati mwa nyimbo. Ikasowa, zoliza zina zimalephera kudumphira pakati pa nyimbo, ndipo metaflac --add-seekpoint=10s nyimbo.flac imakonza zimenezo osakhudza mawu.

Tsopano magetsi a seva yeniyeniyo. Ili ndiye vuto lomwe ndalipeza kwa anzanga ambiri omwe anandiitana kuti ndikaone seva zawo, ndipo pafupifupi onse ankaloza chala Wi-Fi. Raspberry Pi 4 imafuna chaja ya 5.1V ndi 3A. Chaja ya foni yomwe mwangoitola m'dirowa imaiyatsa ndithu, koma hadi disiki ikangoyamba kuzungulira mphamvu imatsika, disiki n'kuduka kwa kanthawi, nyimbo n'kuima. Funsani Pi yomweyo:

vcgencmd get_throttled

Yankho labwino ndi 0x0. Mukaona 0x50000, mphamvu inatsikapo chiyatsireni. Mukaona 0x50005, ikuperewera panopa. Lamulo la dmesg likuonetsaninso mizere yonena za Undervoltage, kapena ya USB kuduka n'kulumikizikanso. Gulani chaja yoyenera yokhala ndi chingwe chachifupi, chokhuthala, ndipo disiki muipatse USB hub yokhala ndi magetsi akeake, chifukwa madoko onse a USB a Pi 4 pamodzi amangopereka 1.2A. Ngati thumba likulola, kaUPS kakang'ono, kabatire kogwirizira seva magetsi akathima, n'kofunika kuposa sipika yodula. Kamateteza nyimbo zomwe munavutika nazo.

Magetsi akathima n'kuyakanso pamachitikanso china: seva imadzuka disiki isanakonzeke, n'kupeza foda ya nyimbo ili mbee. Nyimbo zimaonekabe pa mndandanda koma iliyonse mukaidina imakana. Lembani lsblk muone ngati disiki yalumikizika pamalo pake. Mu /etc/fstab, fayilo youza seva malo olumikizira disiki, itchuleni ndi UUID, nambala yake yosasintha, osati /dev/sda1, popeza dzina limeneli limatha kusintha mukalumikiza disiki ina. Ndipo ngati nyimbo yoyamba yokha ndiyo imakana seva ikakhala nthawi osagwira ntchito, koma mukadinanso imalira, ndiye kuti disiki imagona. Lamulo la hdparm -S 0 /dev/sda limailetsa kugona, ngakhale ma disiki ena apa USB salimvera.

Nyimbo zomwe sizikuoneka n'komwe pa mndandanda nthawi zambiri ndi nkhani ya chilolezo. Pulogalamu ya seva imayenda ngati munthu wakewake, monga jellyfin kapena navidrome, ndipo mafayilo omwe inu mwakopera mwina saloledwa kuwawerenga. Onani ndi ls -l, konzani ndi chmod -R a+rX /nyimbo, kenako uzani seva iwerengenso foda yonse. Kanthu kena kakang'ono kokhudza ife olemba mayina okhala ndi ŵ: mafayilo ochokera pa Mac nthawi zina amasunga chilembochi ngati w payekha ndi kachipewa payekha, pomwe Linux ndi Windows kawirikawiri zimachilemba ngati chilembo chimodzi. M'maso n'zofanana, koma playlist ya m3u imalephera kuipeza nyimboyo. Lamulo la convmv -r -f utf8 -t utf8 --nfc /nyimbo limakuonetsani mayina omwe lingasinthe, ndipo mukakhutira mumawonjezera --notest.

Fayilo ili bwino, seva ili bwino, koma sipika ikukanabe? Onani kulemera kwa nyimboyo ndi ffprobe. CD ndi 16-bit pa 44.1 kHz, ndipo pafupifupi chilichonse chodziwa FLAC chimailiza. Zovuta zimayambira pamwamba pamenepo. Sipika ya Sonos S2 imalandira mafayilo a m'nyumba mpaka 24-bit pa 48 kHz, Chromecast Audio mpaka 24-bit pa 96 kHz. Mukazipatsa fayilo ya 192 kHz musadabwe zikaidumpha. Komanso kuyambira FLAC 1.4.0 ya mu 2022 n'zotheka kupanga mafayilo a 32-bit, omwe zoliza zakale siziwadziwa. Pangani kopi yopepuka, yoyambayo muisunge osaikhudza:

ffmpeg -i nyimbo.flac -ar 48000 nyimbo48.flac

Musadandaule kuti mwataya kanthu kopi imeneyi ikamalira. Fayilo ya 48 kHz imasunga mawu mpaka 24 kHz, pomwe khutu la munthu limalekezera cha pa 20 kHz.

ALAC, yomwe ndi njira ya Apple yosungira mawu athunthu, imasokoneza chifukwa dzina lake limathera ndi .m4a ngati AAC wamba. Mwa mapulogalamu otsegulira intaneti, Safari imailiza, koma Chrome ndi Firefox ayi, ndiye seva imayenera kuisandutsa ikamaitumiza. Ntchito imeneyi imachitidwa ndi ffmpeg, ndipo ngati ffmpeg mulibe mu seva, nyimbo imangokhala chete. Log ya seva, momwe imalemba zomwe zikuchitika, ikuuzani zimenezi mosabisa, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti muitsegule, mudine nyimbo yovutayo, muwerenge mizere yomwe yangotuluka. Mafayilo ena a .m4a amakhala ndi kalozera wawo kumapeto, choncho choliza chimadikira fayilo yonse itsike chisanayambe. Lamulo la ffmpeg -i a.m4a -c copy -movflags +faststart b.m4a limasamutsira kalozerayo kutsogolo, mawu osasinthidwa. Ine ndinangosandutsa ma ALAC anga onse kukhala FLAC, popeza kuchoka ku ina kupita ku inzake palibe chotayika.

Netiweki ndaiika kumapeto mwadala, chifukwa imanamiziridwa kawirikawiri. CD yosapanikizidwa imafuna 1,411 kbps, ndipo FLAC imachepetsa pamenepo pafupifupi ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. Ngakhale 24-bit pa 192 kHz ndi 9,216 kbps basi. Rauta iliyonse ya masiku ano ingakwanitse. Chomwe chimadula nyimbo si kuchepa kwa liwiro koma kudukaduka kwa siginecha, makamaka pa 2.4 GHz pomwe marauta a aneba ndi maikulowevu ya kukhitchini zimaphangirana malo. Njira yodziwira ndi yosavuta: lumikizani seva ku rauta ndi chingwe cha Ethernet, mulize nyimbo yomwe inkadukiza ija. Ikalira bwino, chingwecho chisachokenso pamenepo. Seva siyenda, ndiye palibe chifukwa choti ikhale pa Wi-Fi. Ngati chingwe sichingafike, zimitsani kusunga mphamvu ndi iw wlan0 set power_save off, ndipo choliza muchiike pa 5 GHz ngati chili chipinda chimodzi ndi rauta. Zipupa zathu za njerwa zowotcha 5 GHz imavutika kuzidutsa, ndiye kuchipinda chogona mwina 2.4 GHz ichitabe bwino.

Mukakhala kunja kwa nyumba ndi nkhani ina. Ola limodzi la FLAC ya CD limadya ma MB opitirira 300, ndipo bandulo siichedwa kutha. Mu pulogalamu ya pafoni sankhani kuti pa data ya m'manja seva izitumiza Opus kapena MP3, koma pa Wi-Fi ya kunyumba izitumiza fayilo yoyambirira. Mafayilo a pa disiki sasinthidwa, seva imangopepuza zomwe ikutumiza panthawiyo. Chimodzimodzinso ndi Bluetooth: ma codec ake wamba (njira zotumizira mawu) monga SBC ndi AAC amapanikiza mawu kale, ndiye kutumiza 24-bit ku mahedifoni otero n'kungolemetsa netiweki.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ineyo ndi kampata pakati pa nyimbo ziwiri za kwaya zomwe zinajambulidwa motsatizana, anthu akuwomba m'manja kulowera nyimbo yotsatira. Kachete ka sekondi imodzi pamenepo kamawononga chimbale chonse. Vutoli silili mu FLAC, chifukwa FLAC imasunga utali weniweni wa nyimbo osawonjezera kanthu. Limabwera seva ikamasandutsa nyimbozo kukhala MP3 panjira, kapena choliza chikamadikira nyimbo ithe kaye n'kupempha ina. Zimitsani kusandutsako, komwe kumatchedwa transcoding, pa netiweki ya kunyumba, ndipo mu pulogalamu yolizira yatsani gapless, kuliza mopanda kampata. Pa Android, Symfonium imachita bwino zimenezi ndi Navidrome kapena Jellyfin. Ngati mukugwiritsa ntchito sipika ya DLNA (njira ina yolandirira nyimbo pa netiweki), dziwani kuti si zonse zomwe zimatha kulandira nyimbo yotsatira inzake isanathe, ndipo imene singathe simungaikonze kuchokera ku seva. Pamenepo lumikizani ka DAC kapa USB, kachipangizo kotulutsa mawu a mu fayilo, ku Raspberry Pi yomweyo, muike pulogalamu yolizira ya MPD, mawu azipita molunjika ku ampulifaya pa chingwe.