Prostate ikakula: polipira ndi pati, popita kuboma ndi pati

Prostate ndi kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Mwa mnyamata kamalemera magalamu 20 mpaka 25, koma munthu akadutsa zaka 50 kamakonda kukula n'kumafinya njirayo. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, usiku munthu amadzuka katatu kanayi. Kukula kumeneku si khansa, ngakhale matenda awiriwa amatha kupezeka mwa munthu mmodzi.

Mabanja ambiri amaganiza kuti ayenera kusankhiratu kumodzi, kuboma kapena ku pulayiveti. Ayi. Chithandizochi chili ndi magawo, ndipo ndalama muiike pagawo lomwe laima basi.

Mkodzo ukatsekeka kotheratu, chinena chatupa ndipo chikupweteka, musayambe kufunsa mitengo. Thamangirani chipatala chapafupi, chifukwa paipi yotulutsa mkodzo amaika ngakhale pachipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu, kwaulere. Chimodzimodzi ngati pali kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena magazi oundana mumkodzo. Paipi wamba ya labala imasinthidwa pakatha masabata anayi. Ya silicone imatha kufika masabata 12. Funsani kuti mwaikidwa iti, ndipo tsiku losinthira alilembe m'kabuku ka kuchipatala. Funsaninso ngati angakupatseni mapiritsi omasula njira ya mkodzo otchedwa tamsulosin kwa masiku angapo kenako n'kuyesa kuchotsa paipiyo, poti ena amayambiranso kukodza okha.

Kuyezetsa ndi pamene ndalama yochepa imagwira ntchito yaikulu. Kupima ndi chala kudzera kumbuyo n'kofanana kulikonse, ndipo musakukane chifukwa cha manyazi: prostate yolimba, yamabampu, yomwe ikhoza kukhala khansa, imadziwika motero. Zimene zimatha kuchedwa kuboma ndi PSA (kuyeza magazi kofufuza zizindikiro za khansa ya prostate), kuyeza impso kotchedwa creatinine, ndi sikani yoonetsa kukula kwa prostate komanso mkodzo wotsalira mukamaliza kukodza. Izi yezetsani ku labu yolipira, mutenge zotsatira zolembedwa papepala, mubwerere nazo kwa dokotala wa boma. Koma musayezetse PSA mkodzo utangotsekeka kumene kapena muli ndi matenda a m'chikhodzodzo. Nambala imakwera kwakanthawi, banja n'kuyamba kulira khansa yomwe kulibe. Ndipo ngati munakulira kunyanja kapena m'madambo a mpunga, magazi a mumkodzo awayezenso likodzo.

Mankhwala ndi omwewo konsekonse. Tamsulosin wa 0.4 mg, kamodzi patsiku, amamasula minofu ya pakhomo la chikhodzodzo ndipo kusintha kumaoneka m'masiku ochepa, koma amachititsa chizungulire mukadzuka mwaliwiro. Finasteride wa 5 mg amachepetsa prostate yeniyeniyo, pang'onopang'ono. Mpatseni miyezi 6. Iyeyu amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka, choncho uzani aliyense wokuyezani kuti mukumwa. Akasowa kuboma, pemphani akulembereni mukagule ku famase. Kulipira dokotala wa pulayiveti mwezi ndi mwezi kuti angokulemberani mapiritsi omwewo n'kutaya ndalama. Samalaninso ndi Piriton, amitriptyline ndi mankhwala ena a chimfine, amatha kutseka mkodzo mwa munthu yemwe anali kukodza movutikira kale.

Nkhani yeniyeni ili pa opaleshoni. Imafunika ngati mkodzo ukutsekeka mobwerezabwereza, paipi yakanika kuchoka, impso zayamba kuonongeka, muli miyala m'chikhodzodzo, kapena matenda ndi magazi zikubwererabwerera. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zimalandira odwala otumizidwa ndi kalata, koma madokotala a njira ya mkodzo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo odwala angozi amalowa m'thiyeta patsogolo panu. Mwezi uliwonse womwe bambo akhala ndi paipi ndi mpata wina wa matenda. Apa ndiye kulipira kumagula chinthu chenicheni, chomwe ndi tsiku lodziwika. Kumbukiraninso kuti pakati pa boma ndi zipatala monga Mwaiwathu kapena Blantyre Adventist pali zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, zomwe nthawi zambiri mitengo yake imakhala yotsikirapo.

Musanapereke dipoziti, funsani kuti achita opaleshoni yanji. TURP ndi yolowetsa chida kudzera m'njira ya mkodzo n'kupala mnofu wotsekawo, popanda kung'amba pamimba. Paipi imachoka pakatha masiku awiri kapena atatu. Prostate ikapitirira magalamu 80, ambiri amang'amba pamimba, ndipo mumagona m'chipatala nthawi yotalikirapo komanso magazi amatayika ambiri. N'chifukwa chake sikani ija iyenera kuchitika mtengo usanakambidwe. Funsani dzina la dokotala wochita opaleshoniyo, ngati ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, komanso kuti opaleshoni yotereyi amaichita kangati pamwezi. Chipinda cha matailosi ndi TV sichipala prostate. Nthawi zina mupeza kuti ndi dokotala yemwe uja wa kuchipatala chachikulu cha boma.

Mtengo aulembe papepala, ndipo muone ngati muli wogonetsa tulo, bedi pa usiku uliwonse, madzi otsukira chikhodzodzo, magazi ngati angafunike, ndi kuyeza ku labu mnofu wochotsedwawo. Chomalizachi ambiri amachiiwala, chonsecho ndi chomwe chimaulula khansa yobisala. Funsaninso kuti magazi akayamba kutuluka usiku mutatuluka kale, mubwerere kwa ndani, ndipo alipira ndani. A MASM kapena inshulansi ina apeze chilolezo cholembedwa asanagonekedwe, ndipo afunse za malire a sikimu yawo ndi matenda omwe analipo asanalowe.

Chinthu chimodzi amve mwini wake, osati ana okha omwe akusonkha ndalama: pambuyo pa opaleshoni, abambo ambiri umuna umabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka. Mphamvu za m'nyumba nthawi zambiri zimakhalapobe, koma kubereka kumavuta. Potuluka tengani lipoti la opaleshoni ndi la labu, pakuti ndalama zikatha mudzapitiriza kuonedwa kuboma. Kwa masabata 4 mpaka 6 pewani njinga, khasu ndi katundu wolemera, ndipo muzimwa madzi okwanira kuti mkodzo uzituluka woyera.