Kavalidwe ndi kudzisamalira kwa wochoka ku Mangochi kupita kumayiko ozizira a kumpoto

Kuzizira kumene timakudziwa kuno ndi kwa mwera wa mu June ndi July, pamene asodzi amaotha moto pagombe m'mamawa. Kumeneko ndi madigiri pafupifupi 14 pamwamba pa ziro. Amene wapeza sukulu kapena ntchito ku Rovaniemi ku Finland, kumpoto kwa Canada kapena ku Siberia akakumana ndi -20°C, mwinanso -30°C. Ku Oymyakon, ku Russia, kunafika -67.7°C mu 1933. Ku Tromsø ku Norway n'kwabwinoko, pafupifupi -4°C mu January, chifukwa madzi ofunda a nyanja ya Atlantic amafika kumeneko.

Chimene chimavulaza alendo ambiri ndi thukuta. Munthu amagula chijekete chimodzi chokhuthala, mkati navala malaya a thonje. Akathamangira basi amatuluka thukuta, thonje limamwa thukutalo osauma, ndiye akangoima pa siteji nsalu yonyowayo imayamba kumulanda kutentha kwa thupi. N'chifukwa chake kumeneko amavala zosanjikiza zitatu. Chokhudza khungu chikhale chothina pang'ono, cha ubweya wa nkhosa kapena cha polyester, malaya a manja aatali ndi thalauzi lamkati lofika m'mapazi. Pamwamba pake juzi ya ubweya, yomwe ntchito yake ndi kusunga mpweya wofunda. Kunja jekete lotchinga mphepo ndi madzi, lokhala ndi chofunda kumutu. Mukamayenda mofulumira tsegulani zipi musanayambe kutentha. Mukalowa m'sitolo kapena m'basi vulani lakunjalo, chifukwa mkati mumakhala madigiri oposa 20.

Majuzi a ubweya amapezeka pa kaunjika pamtengo wabwino, koma werengani kansalu ka mkati ka m'khosi kapena m'mbali. Pakalembedwa wool kapena merino, tengani. Pakalembedwa cotton, siyani ngakhale juziyo ikhale yokongola motani. Jekete lakunja ndi jombo mukagule mukafika, kuli masitolo a zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mukaona zimene eni dziko akuvala.

Jombo zikhale zokulirapo ndi saizi imodzi, za pansi pokhuthala ndi pamanyamanya. Kupanikiza masokosi atatu mu nsapato yothina ndi kulakwitsa kwakukulu: magazi amalephera kuyenda ndipo zala zimazizira msanga. Sokosi imodzi yopyapyala ndi ina ya ubweya zakwana. Magolovesi omwe zala zinayi zimakhala m'thumba limodzi amafunditsa kuposa olekanitsa zala. Chipewa chitseke makutu. Foni isungeni m'thumba lamkati, batire imatha mwadzidzidzi ikazizidwa.

Kuzizira pamodzi ndi mphepo kukafika pa -28°C, khungu losaphimba likhoza kuundana pa mphindi 10 mpaka 30. Zimayambira m'makutu, pamphuno, m'masaya ndi m'zala. Poyamba pamabaya ngati singano, kenako pamachita dzanzi n'kuuma gwa. Apa tisamale ife akhungu lakuda: malangizo ambiri amati khungu limayera, koma pa ife limaoneka lotuwa ngati phulusa, ndipo mumdima simungaone msanga. Ululu ukasiya muli panja, musaganize kuti mwazolowera. Lowani m'nyumba, vulani zonyowa ndi mphete, viikani malowo m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39 kwa mphindi pafupifupi 30. Yesani madziwo ndi chigongono chomwe sichinazizidwe. Musatikite, musapake chipale chofewa, musawambe pamoto kapena pa hita, chifukwa khungu ladzanzi limapsa mwini wake osamva. Pakatuluka matuza musaphulitse, pitani kuchipatala.

Mnzanu akamanjenjemera kwambiri, akamalankhula ngati woledzera ndi kupunthwapunthwa, kutentha kwa thupi lake kwatsika pansi pa madigiri 35. Mufunditseni pachifuwa ndi kumutu, mupatseni tiyi wa shuga ngati akutha kumeza, ndipo imbani 112, nambala yangozi m'mayiko a ku Ulaya. Mowa ayi. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene kutentha kukutuluka.

Kuli nkhani ya mdima. Ku Tromsø dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa November mpaka pakati pa January, ndipo sililowa kuyambira kumapeto kwa May mpaka kumapeto kwa July. Khungu lakuda limachedwa kupanga vitamini D dzuwa likachepa, choncho imwani mapiritsi ake. Ku Norway amalimbikitsa mamaikilogalamu 10 patsiku kwa akuluakulu, koma funsani dokotala ngati mukufunika oposerapo. Tulukani masana kukamawala pang'ono, ndipo mangirirani kachowala pajekete kuti oyendetsa galimoto akuoneni. Asilamu a ku Tromsø amatsatira nthawi za ku Makka pa swala ndi pa kufunga dzuwa likamakana kulowa kapena kutuluka, ndiye mukafika funsani ndandanda ku msikiti.

Wokulira m'mbali mwa nyanja adzafuna kuyesa kuyenda pa nyanja youndana. Madzi oundanawo akhale okhuthala masentimita 10 kapena kuposa, ndipo pafupi ndi mathiriro a mitsinje ndi pansi pa milatho amakhala opyapyala ngakhale pamwamba pakuoneka polimba. Pitani ndi mwini dera, mudutse pamene iye wadutsa.