Injini ikunjenjemera galimoto itaima? Momwe mungapezere vuto ndi kulikonza

Pamsewu galimoto ikuyenda bwinobwino, koma mukaima pa maroboti chiwongolero chimayamba kunjenjemera, mpando nawonso, singano ya rev (yosonyeza liwiro lomwe injini ikuzungulira, mu rpm) n'kumakwera ndi kutsika ngati injini ikufuna kuzima. Ambiri amathamangira kugalaja n'kukauza makaniko kuti akweze idling, liwiro lomwe injini imalira galimoto itaima. Musatero. Kukweza idling kumangobisa vuto, petulo n'kumatha msanga, chomwe chafa chikadali momwemo. Yambani ndi zinthu zosafuna ndalama, zodula muzifikire pomaliza.

Choyamba, lizani injini kwa mphindi 10 kuti itenthe. Ikazizira, kulira mokwera mpaka 1,200 rpm kapena kupitirira apo si vuto. Ikatentha, galimoto zing'onozing'ono za petulo zimakhazikika pakati pa 600 ndi 900 rpm. Dziwaninso injini yanu. Vitz kapena Passo ya 1.0 yokhala ndi injini ya 1KR-FE ili ndi masilinda atatu, ndiye imagwedera pang'ono mwachibadwa. Injini ya 1NZ-FE yomwe ili mu Probox, Sienta ndi Corolla zambiri ili ndi masilinda anayi, siyenera kugwedeza mpando.

Kenako, ngati galimoto ndi ya automatic, pondani buleki, muike giya pa D, mumvetsere, mubwezere pa N. Ngati kunjenjemera kukukula pa D n'kuchepa pa N, pomwe singano ya rev ili phee ndipo injini ikulira mosadukiza, kayikirani ma mounting. Izi ndi mphira zomwe zimanyamula injini. Tsegulani boneti muziunike ndi tochi. Mphira yong'ambika, yophwa kapena yomwe ikuchucha timadzi takuda yatha ntchito, yofunika kusintha. Mabampu ndi maenje a m'misewu yathu amazitha msanga.

Koma ngati singano ikuvina ndipo kumpopi wa utsi kukumveka "phu, phu" modukizadukiza, silinda ina sikuwotcha bwino mafuta. Amakaniko amati injini ikumisa. Yang'anani padashibodi. Nyali ya check engine ikangoyaka, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka kugalaja. Ikamaphethira, imani. Kuphethirako ndiye kuti petulo wosapsa akupita ku catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chomwe chili pa mpopi wa utsi, ndipo akaiwotcha mudzalipira zambiri kuposa mtengo wa mapulagi ndi makoilo (omwe amapereka moto ku mapulagi) onse pamodzi. Amene ali ndi makina a diagnosis alumikize pa soketi ya OBD2 yomwe imakhala pansi pa chiwongolero. P0301 ndiye kuti silinda yoyamba ndi yomwe ikumisa, P0302 yachiwiri, choncho mpaka P0304. P0300 ndi kumisa kosasankha silinda, P0171 ikutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Lembani nambalazo asanazifute.

Popanda makinawo mutha kuipezabe silinda yodwala. Injini ikulira, zulani kasoketi ka mawaya pa koilo imodzi kwa masekondi ochepa, mubwezere. Silinda yabwino mukaizula, injini imanjenjemera kwambiri. Yomwe mwaizula koma osasintha kanthu ndiye inali yakufa kale. Tsopano zimitsani injini, musinthanitse koilo imeneyo ndi ya silinda yoyandikana nayo, mulizenso. Vuto likasamukira komwe koilo yapita, gulani koilo imodzi yokhayo. Likatsala pomwe linali, tulutsani pulagi injini itazizira.

Pulagi imanena zambiri. Yabwino imakhala yofiirira pang'ono kunsonga. Ya mwaye wakuda wouma ikusonyeza kuti petulo akuchuluka. Yonyowa ndi oilo kunsonga ikusonyeza kuti oilo akulowa mu silinda. Mukapeza oilo atadikha m'dzenje momwe mumalowa koilo, gasiketi ya tappet cover ndi yomwe ikudontha, ndipo oilo ameneyo amatha kupha makoilo. Mapulagi wamba amatha pa makilomita 20,000 mpaka 30,000, a iridium amafika 100,000. Sinthani onse nthawi imodzi, a nambala yoyenera injini yanu. Samalani pogula, chifukwa mapulagi achinyengo olembedwa NGK kapena Denso alipo, ndipo otchipa mokayikitsa ndi bwino kuwasiya. Pomanga yambani ndi dzanja, sipanala ibwere pomaliza, kuti musawononge mazinga.

Moto wa mapulagi ukakhala kuti uli bwino, pitani ku mpweya. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa ya mpweya msanga kuposa momwe buku la galimoto limanenera. Itulutseni muiyang'anitse kudzuwa, ngati kuwala sikudutsa, gulani ina. Paipi yaikulu yakuda yochokera ku sefa kupita ku injini imakonda kung'ambikira kunsi, m'makwinya mwake, komwe maso saona. Ipindeni ndi dzanja muone ngati pali mng'alu. Mvetseraninso timapaipi ting'onoting'ono, kobooka kamalira "tsiii". Pafupi ndi sefa pali MAF sensor, yomwe imayeza mpweya wolowa mu injini. Itsukeni ndi mankhwala ake olembedwa MAF cleaner okha, osati petulo, ndipo timawaya ta m'kati musatikhudze. Throttle body, chitseko cholowetsa mpweya mu injini chomwe chili kumapeto kwa paipi yaikulu ija, ikada ndi mwaye ipukuteni ndi kansalu ndi mankhwala ake. Mukatsuka, idling imatha kusokonekera kwakanthawi mpaka kompyuta ya galimoto itazolowera, ndipo ma Nissan ambiri amafuna kuti achitidwe idle relearn, kuphunzitsanso kompyutayo idling yoyenera.

Za mafuta dzifunseni funso limodzi: vutoli linayamba mutathira kuti? Petulo akasowa ambiri timagula wa m'zigubu, ndipo nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena parafini. Ngati kunjenjemera kunayamba tsiku lomwelo, khuthulani thanki, musinthe sefa ya mafuta. A dizilo, masulani kampopi ka pansi pa sefa madzi atuluke. Ma injector, omwe amapopera mafuta mu injini, akhoza kutsekeka, koma amenewo apimidwe kugalaja.

Zonsezi zikakhala bwino koma silinda imodzi ikumisabe, pemphani makaniko apime compression, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Masilinda asasiyane kupitirira 10 mpaka 15 peresenti. Imodzi ikatsika kwambiri, vuto lili pa mavalavu, ma ring kapena head gasket, makamaka head gasket ngati madzi a mu radiator akumachepa ndipo utsi ukutuluka woyera injini itatentha kale. Musalole kuti injini itsegulidwe asanakuonetseni manambala a compression a silinda iliyonse.