Momwe mungasankhire mbale ndi ziwiya zoti pakhomo panu pazioneka bwino

Nyumba zambiri zili ndi kabati yodzaza mbale zokongola zomwe zimangotuluka pa Khirisimasi kapena apongozi akabwera, pomwe masiku ena onse banja limadyera m'mbale zapulasitiki zosuluka, iyi yobiriwira, iyo yofiira, ina yopserera m'mphepete. Zimandimvetsa chisoni chifukwa eni nyumba ndi amene amadya pamenepo katatu patsiku. Ziwiya zabwino ndi zomwe mungazigwire tsiku lililonse popanda mantha, komanso osachita nazo manyazi mlendo akatulukira mwadzidzidzi. Nazi njira zozipezera.

Choyamba, yambirani pa nsima

Musanapite kumsika, ganizirani chakudya chomwe chimafika patebulo panu mlungu wonse. Kwa ambirife ndi nsima, ndiwo zamasamba zotendera, nyemba, usipa, nkhuku Lamlungu, phala ndi tiyi m'mawa. Maseti ambiri a m'masitolo anapangidwira anthu odya zouma ndi mpeni ndi foloko, n'chifukwa chake mbale zake zimakhala zaphwatalala. Ine ndinagulapo seti yotero m'sitolo ina m'tauni, yoyera mbee, ya mzere wagolide m'mphepete. Tsiku loyamba lomwe msuzi wa nkhuku unayenderera mpaka pansalu, ndipo pasanathe chaka golide uja anali atafufutika ndi kutsuka.

Nsima imafuna mbale yokuya pang'ono, ya m'mphepete mokwera, yoti mukamasunsa mbamu msuzi uziima pamodzi. Mbale yotambalala masentimita 26 kapena 27 imakwana mitanda iwiri ndi ndiwo pambali. Onjezerani timbale tating'ono tokuya ta ndiwo, poti ambiri safuna therere lisakanikirane ndi nyemba. Timbale tomweto tidzagwiranso ntchito ya phala la ana.

Kenako mabakuli okhala ndi zivundikiro: lalikulu la nsima, awiri kapena atatu a ndiwo. Apa musaumire ndalama. Bakuli losunga kutentha limapulumutsa nsima ya bambo kapena mwana amene wachedwa kufika, makamaka magetsi akazima. Poligula, tsekani ndi kutsegula chivundikiro kangapo; chikamagwedera, nthunzi izithawa ndipo nsima izichita chikhakha pamwamba.

Musaiwale beseni ndi jagi yosambitsira m'manja. Ndi chiwiya choyamba chomwe mlendo amaona asanalawe n'komwe chakudya, koma m'makomo ambiri ndi chomwe chimakhala chakale kuposa zonse. Gulani zakezake, zosachapiramo kapena kutsukiramo mbale, ndi kathawulo koyera.

Chachiwiri, werengani anthu ndipo yezani kabati

Kwathu kuno mlendo sauziratu. Ngati pakhomo muli anthu asanu, gulani mbale 8. Ngati muli asanu ndi atatu, gulani 12. Zotsalazo ndi za alendo komanso zolowa m'malo mwa zosweka. Yezani mkati mwa kabati ndi chingwe, mupite nacho kumsika, kuti musabwere ndi mbale zoletsa chitseko kutsekeka.

Chachitatu, sankhani mtundu umodzi wotsogolera

Chomwe chimakongoletsa tebulo si mtengo wa mbale koma kugwirizana kwake. Sankhani mtundu umodzi woti ukhale maziko, woyera kapena wotuwira ngati mkaka, kenako mtundu wina umodzi wokometsera, monga wabuluu kapena wakhofi. Mbale yoyera ili ndi ubwino woti ikasweka mumapeza inzake mosavuta, pomwe seti ya maluwa ikangoperewera imodzi, kuipezanso n'kovuta. Komanso chakudya chathu chili kale ndi mitundu yake: kubiriwira kwa chisoso, kufiira kwa tomato, kuyera kwa ufa woyera. Pambale yopanda zolembalemba zonsezi zimaonekera bwino.

Maluwa ndi mizere zisiyireni nsalu. Chitenje chimodzi cha mamita awiri, telala akachidula, chimatulutsa kansalu kautali koyala pakati pa tebulo ndi tinsalu toikapo mbale. Chikakutopetsani mumasintha ndi ndalama yochepa, mbale zili zomwezo.

Chachinayi, dziwani chomwe chiwiya chapangidwira

Mbale zadothi zowotcha, zomwe ambiri amazitcha zosweka, ndiye zabwino patebulo: sizisunga fungo, sizisuluka, zimasunga kutentha. Pano ndikulimbikitseni kuyang'ana zopangidwa konkuno. Ku Dedza Pottery akhala akuumba makapu, mbale ndi mabakuli kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo zambiri amazijambula pamanja, nsomba, mbalame, midzi ndi nyanja. Ku Nkhotakota kulinso malo oumba zoterezi. Simukuyenera kugula seti yonse. Mbale imodzi yaikulu yoperekera chambo chootcha, kapena makapu anayi a tiyi, zikakhala pakati pa mbale zoyera zimasintha tebulo lonse.

Za melamine, mtundu wa pulasitiki wolimba, ndi zopepuka ndipo sizisweka msanga, choncho ndi zabwino kwa ana ndi pa zochitika za anthu ambiri. Koma musaziike mu microwave kapena pamoto, ndipo zikayamba kukalika kapena kung'aluka zichotseni. Mbale zachitsulo zopaka utoto wonyezimira, zija anadyeramo agogo athu, n'zolimba ndipo zimakongola mwa mtundu wakewake, bola zisakhale zogomoka mkati poti pogomokapo pamachita dzimbiri.

Masupuni, mafoloko ndi mipeni, tembenuzani muone kumbuyo. Zolembedwa 18/10 kapena 18/8 ndi zachitsulo chosachita dzimbiri msanga. Yesani kupinda supuni pang'ono ndi zala. Ikangogonja, isiyeni, siitha miyezi. Matambula sankhani a pansi pochindikala ndi oti dzanja kapena siponji ifike pansi potsuka.

Chachisanu, yesani chilichonse musanalipire

Kaya muli mumsika wa Limbe, wa Lilongwe, ku Taifa ku Mzuzu kapena m'sitolo yaikulu, musalole kupatsidwa katoni yomata. Itsegulitseni, mutulutse mbale imodziimodzi. Ngati ndi yadothi, igogodeni ndi chikhadabo kapena supuni: yabwino imalira ngati belu, yomwe ili ndi mng'alu wobisika imangoti phu. Yendetsani chala m'mphepete kuti mumve pobenthuka. Ikhazikeni pamalo osalala muone ngati sikugwedera, kenako sanjikizani zingapo muone ngati zikukhalana bwino. Sisitaninso pa maluwa ake: mukamva kuti atukuka pamwamba, ndiye kuti anangomatidwa ndipo adzachoka ndi kutsuka. Kapu ilowetseni zala pachogwirira, muyerekeze kuti yadzaza tiyi wotentha. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi zimenezi.

Chachisanu ndi chimodzi, mapoto agwirizane ndi moto wanu

Poto wonyezimira wa chivundikiro chagalasi ndi zogwirira zapulasitiki si wa pambaula. Zogwirirazo zimasungunuka ndipo mwaye suchoka. Khalani ndi mapoto awiri kapena atatu a pamakala ndi pankhuni, ena a pamagetsi kapena gasi. Wa nsima akhale wochindikala pansi ndi wa chogwirira cholimba, poti kuvundula kumafuna mphamvu. Mapoto osamatirira chakudya amafuna mthiko kapena supuni yamtengo basi, chitsulo chimawakala.

Mphika wadothi nawo musaunyoze. Nyemba zophikidwa pang'onopang'ono mumphika zimakoma mosiyana, ndipo mutha kuufikitsa patebulo momwemo mutaukhazika pankhata. Mtsuko umaziziritsa madzi akumwa popanda magetsi.

Chachisanu ndi chiwiri, zamitengo ndi zoluka zisabisike

Mthiko, chipande, kamtondo kosinjira adyo ndi tsabola, lichero, dengu: izi n'zathu ndipo n'zokongola kale. Sankhani mthiko wosalala, wopanda ming'alu, wa mtengo wosanunkha, ndipo mukhale ndi iwiri, wa nsima ndi wa ndiwo. Iikeni chilili mu kamtsuko pafupi ndi pophikira. Lichero latsopano likhoza kukhala thireyi ya zipatso kapena zitumbuwa, lina n'kupachikidwa pakhoma. Mbale zosema zopakidwa polishi ndi zokongoletsera chabe, musaikemo chakudya chonyowa. Zamitengo zonse musazisiye zitanyikidwa m'madzi usiku wonse. Tsukani, muziumitse pathandala kapena pamphepo.

Pomaliza, gulani pang'onopang'ono

Palibe chifukwa chotengera ngongole kuti khitchini idzaze mwezi umodzi. Lembani zofunika motsatana: mwezi uno mbale ndi timbale ta ndiwo, mwezi wamawa mabakuli, kenako masupuni ndi matambula. Amayi a m'magulu osonkherana angathe kugwirizana kuti wolandira mwezi umenewo azitchula yekha chomwe akufuna ndi mtundu wake. Chimodzimodzi akwati amene akukonzekera chinkhoswe kapena phwando lopatsa mkwatibwi ziwiya: uzani anamkungwi ndi a komiti mitundu iwiri yomwe mwasankha, apo ayi mudzalandira mafulasiki asanu ndi mbale zamitundumitundu, koma popanda poto wa nsima. Zikachuluka zofanana, patulani zomwe zikugwirizana ndi tebulo lanu, zinazo mupatse mng'ono wanu amene akuyamba kumene kukhala payekha.