Pulogalamu ikamangodzitseka yokha pa kompyuta, musathamangire kufomata

Abale anga a kuno ku chigwa cha Shire, nkhani iyi ndayifotokoza pakamwa kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingoilemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Munthu amafika ndi laputopu mchikwama, wakwera kabaza dzuwa lili pamutu kuchokera uko ku Ngabu kaya ku Bangula, mawu ake ndi amodzimodzi, akuti achimwene ingoifomatani basi, Word ikumangodzitseka ndili mkati molemba. Ine zimandiwawa kwambiri chifukwa kufomata kumapita ndi zithunzi za ukwati, makalata ofunsira ntchito, ma asainimenti a ana, ndiye pakangotha sabata vuto lija labwereranso poti chomwe chimadwala sichinali Windows ayi.

Musanagwire chilichonse khalani kaye pansi muyione kompyuta yanuyo ngati mmene mumaonera mwana akadwala. Ikudzitseka ndi pulogalamu imodzi yokha kapena iliyonse yomwe mwatsegula? Zimachitika nthawi yanji, mmawa, masana kapena usiku? Mumakhala mukupanga chani, mukupulinta, mukuonera vidiyo, mwangolowetsa fulashi? Nanga masiku apitawa mwaikamo chani chatsopano? Muzilemba mkope kwa masiku awiri atatu, mayankho amenewa ndi amene amakulozerani kolowera.

Ndiyambe ndi kutentha chifukwa kwathu kuno ndiye mdani wamkulu. Mu Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kupyola madigiri 40 ndi zinthu za masiku onse, ndiye tangoganizani nyumba ya malata yopanda siling'i nthawi ya 1 koloko masana, mkatimo muli kompyuta yomwe nayonso ikutulutsa moto wake. Mlamu wanga ndi mphunzitsi, chaka china amalowetsa malikisi a ana mu Excel ndipo imangofiliza kenako kudzitseka, nthawi zina laputopu yonse kuzimiratu. Nditamufunsa kuti alamu zimayamba nthawi yanji anati mmawa imagwira bwinobwino koma akangoweruka kusukulu basi mavuto ayamba. Nditapita kunyumba kwake ndinaipeza ili pa matilesi, pansi pake potentha moti dzanja sungalisiyepo, fani ikulira ngati chigayo koma potulukira mphepo pambalipo sipamatuluka kanthu. Tinaikamo ka pulogalamu kaulere kotchedwa Core Temp, kanaonetsa madigiri 96 atangotsegula Excel yokha. Titamasula chivindikiro cha pansi, pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha panali fumbi losakanikirana ndi ubweya wa bulangete litagwirana ngati chigamba, ndinachita kulikoka ndi zala likutuluka lathunthu. Titabwezera manambala anatsika kufika mma 60, Excel sinadzitsekenso.

Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro yokha podziteteza, zikapitirira imazimitsa makina. Ndiye ngati yanu imavuta masana koma usiku ili bwino, yambani ndi pamenepa. Laputopu isakhale pa bedi, pa pilo, pa mphasa yafumbi kapena pa miyendo mutafunda chitenje, iikeni pa tebulo ndipo pansi pa ngodya zake zinayi muikepo tizivindikiro ta mabotolo kuti mphepo izidutsa. Pochotsa fumbi zimitsani, zulani chaja, batire ngati ndi lochotseka lichotseni, fani muigwire ndi kamtengo ka machesi kuti isazungulire mopenga kenako muziuzira ndi bulowa kapena pampu wa njinga. Pakamwa ayi, malovu amalowa. Kuifunditsa nsalu yonyowa kapena kuilowetsa mu filiji chonde osayerekeza, chinyezi chimaononga bodi. Ngati yakhala zaka zambiri isanatsegulidwepo, mankhwala aja amapaka pamwamba pa purosesa otchedwa thermal paste amakhala atauma gwa, amenewo akusinthireni munthu woti anazolowera. Ndipo ntchito zolemera monga kukonza mavidiyo a ukwati muzipanga mbandakucha kapena usiku kukazizirako.

Chachiwiri ndi magetsi. Desikitopu ilibe batire, magetsi akangothima imafera pompo ili mkati molemba zinthu pa disiki, zikachitika kangapo mafayilo ena a Windows amaonongeka ndiye mapulogalamu amayamba kugwa popanda chifukwa chooneka. A sola nanunso, inveta ikakhala yaing'ono kapena batire likatsika cha kumadzulo kompyuta imatha kumangoziyambitsanso yokha, muonetsetse ngati vuto limabwera nthawi yomwe mwayatsanso TV ndi fani. Amene mungakwanitse gulani UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, ngakhale yokupatsani mphindi zochepa zoti museve nkuzimitsa mwaulemu. Pokonza zomwe zaonongeka kale, dinani Start mulembe cmd, musankhe Run as administrator, pa sikirini yakudayo mulembe sfc /scannow nkudina Enter. Isiyeni ifike 100% osaidula. Ikanena kuti yapeza zoonongeka koma zina yalephera kukonza, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, koma iyi imafuna intaneti ndiye bandulo ikhalemo, ikamaliza mubwerezenso sfc ija.

Kanthu kena kakang'ono komwe ambiri sadziwa, pa Windows 10 ndi 11 mukadina Shut down makina sazimiratu kwenikweni, pali chinthu chotchedwa Fast Startup chomwe chimasunga zina kuti iyake msanga mawa lake, ndiye vuto la dzulo limadzuka nalo. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Yesani imeneyo kaye, sidya ndalama.

Tsopano tione ngati makinawo sakulemedwa. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patuluka Task Manager, pitani pa Performance muone Memory. Malaputopu ambiri a kaunjika omwe timagula amabwera ndi RAM (Memory yomweyo, posungira zomwe kompyuta ikugwira pa nthawiyo) ya 4GB, ndiye munthu watsegula Chrome ma tabu 15, Facebook, YouTube, WhatsApp, Word uku nyimbo zikulira, Memory ili pa 90% kupita mtsogolo, pamenepo china chake chiyenera kugwa basi. Tsekani zomwe simukugwiritsa ntchito, pa Startup muzimitse tizinthu tomwe timayaka tokha kompyuta ikamayaka. Muonenso Local Disk C, ikafiira ndiye kuti yadzadza, ndipo Windows imabwereka malo pa disiki RAM ikachepa, ikasowa malowo mapulogalamu amadzitseka. Mafilimu ndi nyimbo samutsirani kwina, pa C pazitsala magiga 15 kapena kuposa. Ndalama ikapezeka onjezerani RAM ifike 8GB, kusintha kwake mumakuona tsiku lomwelo.

Apa ndiye pamene ndimafuna mumvetsetse, chifukwa Windows imalemba yokha chilichonse chomwe chagwa koma anthu sitiwerenga. Dinani batani la Windows ndi R, mulembe perfmon /rel nkudina Enter. Patuluka Reliability Monitor, ili ngati kalendala, tsiku lililonse lomwe china chake chinavuta pali ka chizindikiro kofiira kokhala ndi X. Dinani tsikulo, pansi muona dzina la pulogalamu ndi nthawi yake yeniyeni, kenako View technical details. Mzere wofunika ndi womwe ukutchula Fault Module Name, umenewo ukukuuzani kachidutswa komwe kanayambitsa ngozi. Dzina lake likayamba ndi nv ndi dalaiva (ka pulogalamu koyendetsa chitsulo cha mu kompyuta) wa zithunzi wa NVIDIA, likayamba ndi ig kawirikawiri ndi wa Intel, ati kapena amd ndi wa AMD, zikatero kakokeni dalaiva watsopano pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopu yanu, kaya HP, Dell kapena Lenovo, molingana ndi modelo yolembedwa pansi pake. Mukaona ntdll.dll kapena KERNELBASE.dll musafulumire kunena kuti Windows yafa, mayina amenewa amatuluka pa mavuto osiyanasiyana. Chinanso chabwino, kalendala yomweyi imaonetsa tsiku lomwe munaika pulogalamu kapena apudeti, ndiye mukaona kuti ma X ofiira anayamba tsiku lomwe munaika chinachake, mwamugwira wakuba, chichotseni muone. Jambulani sikirini imeneyi ndi foni musunge.

Ngati ikuvuta ndi pulogalamu imodzi yokha nkhani imapepuka. Word kapena Excel, gwirani Ctrl osasiya uku mukuitsegula, ikufunsani ngati mukufuna Safe Mode, vomerani. Ikagwira bwino mmenemo ndiye kuti vuto ndi ma add-in, timapulogalamu toonjezera mkati mwake, pitani pa File, Options, Add-ins muziwazimitsa limodzi limodzi. Yesaninso kutsegula fayilo ina, mwina yoonongeka ndi kalata imodzi yokhayo osati Word. Kwa inu opulinta, Word ikamadzitseka nthawi yomwe mwadina Print kawirikawiri ndi dalaiva wa pulinta, sinthani kaye pulinta yaikulu ikhale Microsoft Print to PDF muone ngati isiye, ikasiya chotsani dalaivayo muikenso. Zikakanika zonsezi pitani ku Control Panel, Programs and Features, sankhani Office, Change, kenako Repair. Chrome ikamagwa poonera vidiyo lowani mu Settings, System, muzimitse pomwe palembedwa acceleration nkutsegulanso Chrome, ma extension osawadziwa achotseni. Pulogalamu ikamadandaula kuti MSVCP140.dll kapena VCRUNTIME140.dll palibe, musakatole ka fayilo kamodziko pa mawebusaiti achilendo, ikani Visual C++ Redistributable kuchokera kwa Microsoft enieniwo, ndi yaulere.

Ndinene mosabisa za mapulogalamu okiraka omwe timapatsana pa fulashi. Ndikudziwa ndalama ndi yovuta, koma ambiri mwa amenewa anachita kuwang'amba mkati ndipo ena amabwera ndi vayilasi, amagwa nthawi iliyonse ndipo palibe chomwe mungakonze. LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, VLC imaseweretsa pafupifupi vidiyo iliyonse. Ma fulashi omwe azungulira mobenera nyimbo ndi mopulintira monse, mukaona mafoda anu asanduka ma shortcut okhala ndi ka muvi musadinepo, ndi vayilasi imeneyo. Tsegulani Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, musankhe Microsoft Defender Offline scan, kompyuta iyambanso yokha nkusaka kwa mphindi 15 kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo antivayilasi akhale mmodzi, ndaonapo makina ali ndi atatu onse otha ntchito akulimbana okhaokha mwini wake akudabwa kuti bwanji palibe chikutseguka.

Zikakhala kuti mapulogalamu osiyanasiyana akugwa mwachisawawa, makina ndi ozizira, vayilasi mulibe, mwinanso sikirini ya buluu ikumabwera, kayikirani zitsulo. Windows ndi R, lembani mdsched, ivomereni iyambenso iyeze RAM. Ikapeza vuto zimitsani, zulani magetsi, chotsani RAM mupukute timano take tagolide ndi labala yofufutira pensulo pang'onopang'ono nkubwezera mpaka imveke kuti thwa, ngati zilipo ziwiri yesani imodzi imodzi. Disiki muiyeze ndi pulogalamu yotchedwa CrystalDiskInfo, ikalemba Good zili bwino, ikalemba Caution mwachikasu kapena mukamamva kuti tike tike mkatimo, siyani zonse mukopere mafayilo anu tsiku lomwelo, disiki yotero sichenjeza kawiri. Pogula ina gulani SSD, ilibe zozungulira mkati ndiye mabampu a pa kabaza saiopsa ngati mmene amachitira ndi hadi disiki yakale.

Amene mukadali pa Windows 7 dziwani kuti Microsoft inasiya kuisamala mu Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza kugwira pamenepo ndi 109, ndiye mapulogalamu atsopano azikuvutani ndithu ngakhale makina ali abwino. Windows 10 nayo thandizo lake la nthawi zonse linatha pa 14 Okutobala 2025, ikugwirabe ntchito koma muziganizira za mtsogolo.

Pamene mukufufuza zonsezi ntchito yanu isamatayike. Mu Word pitani pa File, Options, Save, pali AutoRecover yomwe imabwera ili pa mphindi 10, itsitseni ifike pa 2, ndipo chala chizolowere Ctrl ndi S mukangomaliza ndime iliyonse. Ikadzitseka musanaseve tsegulaninso muyang'ane kumanzere pa Document Recovery, kapena File, Info, Manage Document, Recover Unsaved Documents, ambiri apezamo ntchito yomwe amaiyesa kuti yapita.

Mukayesa zonsezi osaphula kanthu ndiye mutha kupita nayo kwa amisiri, koma mutakopera kale Documents, Desktop, Pictures ndi Downloads pa fulashi yopanda vayilasi kapena hadi ya panja, ndipo mutsegule mafayilo angapo pa kompyuta ina mutsimikize kuti akoperekadi. Tengani kope lija munalembamo nthawi, muwaonetse chithunzi cha Reliability Monitor chili mu foni, manambala a Core Temp ndi zomwe CrystalDiskInfo inanena. Akakuuzani kuti tifomate asanayang'ane nkomwe zimenezi, afunseni mwaulemu kuti achimwene fani mwaitsegula, RAM mwaiyeza? Akakanika kuyankha nyamulani laputopu yanu mukayese pena.